Kukaphunzira Semesita Imodzi ku Milan: Ndondomeko Yake Kuyambira Musananyamuke Mpaka Pobwerera

Wophunzira akasankhidwa kuti akachite semesita imodzi kapena ziwiri ku Milan pa mgwirizano wosinthana ophunzira, amakhalabe wa yunivesite yake yakuno. Digiri adzalandirira kuno, ndipo ku Italy salipirako fizi. Amangokatengako maphunziro ena omwe adzawerengeredwe pa digiri yomweyo. Koma boma la Italy silimuchepetsera mapepala chifukwa choti akhalako miyezi 5 yokha. Amafola mzere womwewo ndi amene wapita kukakhala zaka 3. Mapepalawo ndi olumikizana: viza siituluka popanda kalata ya sukulu, nyumba simungasainire popanda nambala ya msonkho, ndipo ndalama ya sikolashipu siilowa popanda akaunti. Mukaphonya chimodzi, zonse zam'mbuyo mwake zimaima.

Yambani ndi ofesi ya pa sukulu panu

Simungalembere nokha ku yunivesite ya ku Milan kuti mukufuna kubwera pa mgwirizano. Sukulu yanu ndiyo imatumiza dzina lanu. Choncho pitani ku ofesi yoona za maubale ndi sukulu zakunja, kaya muli ku UNIMA, MUBAS, LUANAR, KUHeS, MUST kapena Mzuni, mukafunse ngati pali mgwirizano womwe ukugwira ntchito chaka chino, wa dipatimenti iti, komanso ngati uli ndi ndalama. Funso lomalizali ndiye lalikulu. Pali migwirizano yomwe imangokuchotserani fizi, zina zonse n'kukhala zanu. Pali ina ya pulogalamu ya Erasmus+ ya European Union, gawo lotchedwa KA171, yomwe imapereka ndalama yodyera ya pakati pa €850 ndi €900 pamwezi malingana ndi chaka chomwe ntchitoyo inavomerezedwa, kuphatikizapo ndalama ya ulendo yowerengeredwa potengera mtunda. Pa Erasmus+ mukhoza kukhala miyezi 2 mpaka 12.

Mayina a opita semesita yoyamba, yomwe imayamba mu Seputembala, amatumizidwa cha mu Epulo kapena Meyi. A semesita yachiwiri, yoyamba kumapeto kwa Febuluwale kapena mu Malichi, amatumizidwa cha mu Okutobala. Ngati pasipoti mulibe kapena yatsala pang'ono kutha, ikonzeni nthawi yomweyi musanadikire kalata ina iliyonse. Iyenera kukhala ndi masamba awiri opanda chidindo, ndipo ikhale yogwirabe ntchito miyezi 3 viza yanu itatha.

Learning Agreement: apa ndiye pagona semesita yanu

Ili ndi pepala lomwe mumalembapo maphunziro omwe mukatenge ku Milan ndi maphunziro akuno omwe akulowedwa m'malo. Amasaina ndi anthu atatu: inu, mkulu wa dipatimenti yanu, ndi wa ku Milan. Ambiri amalithamangira ngati fomu wamba, n'kudzalira atabwerako pomwe dipatimenti ikuti phunziro lomwe anakhoza silikufanana ndi lakuno, abwereze chaka.

Ku Italy maphunziro amawerengedwa mu CFU, zomwe n'zofanana ndi ECTS za ku Ulaya konse. CFU imodzi ndi maola 25 a ntchito, kuphatikiza kalasi ndi kuwerenga panokha. Semesita yathunthu ndi 30, chaka ndi 60. Phunziro limodzi limakhala la 6, 9, 10 kapena 12, kutanthauza kuti maphunziro atatu kapena anayi akhoza kudzaza semesita. Musaone kuchepa kwa chiwerengerocho n'kuwonjezera ena awiri. Phunziro la CFU 12 lili ndi mabuku oti muwerenge kuyambira chikuto mpaka chikuto.

Posankha, yang'anani zinthu zitatu pa tsamba la phunziro lililonse. Choyamba ndi chilankhulo: maphunziro ambiri a digiri yoyamba ndi a m'Chitaliyana, pomwe a m'Chingerezi ambiri ali pa mulingo wa masitazi, womwe iwo amati laurea magistrale. Wa chaka chachitatu kapena chachinayi afunse ngati akuloledwa kutenga amenewo. Chachiwiri ndi semesita, chifukwa phunziro lomwe mwalikonda likhoza kukhala la semesita yomwe inu kulibe. Chachitatu ndi malo, ndipo ichi chapusitsa ambiri. Dzina loti Milano pa yunivesite silitanthauza kuti kalasi ili mumzindamo. Politecnico di Milano ili ndi makampasi awiri mumzinda, Leonardo ku Città Studi ndi Bovisa kumpoto, komanso ena ku Lecco, Cremona, Mantova ndi Piacenza. Università degli Studi di Milano, yomwe anthu amangoti Statale, ili pa via Festa del Perdono pafupi ndi Duomo, tchalitchi chachikulu cha mumzindawu, zasayansi ndi zaulimi zili ku Città Studi, koma zaziweto zili ku Lodi, tauni ina yoyendera sitima. Zaulimi za Università Cattolica zili ku Piacenza ndi Cremona. Maphunziro awiri a makampasi osiyana pa tsiku limodzi sangatheke.

Mkulu wa dipatimenti yanu asasaine mongothandiza. Mupatseni silabasi ya phunziro lililonse, ndipo alembe momveka kuti ili likulowa m'malo mwa lakuti. Mukafika ku Milan n'kupeza kuti makalasi akuwombana, pepalali limasinthika, koma m'masabata 5 oyambirira okha, ndipo atatu aja ayenera kusainanso.

Viza

Wokakhala masiku oposa 90 amafunika viza ya mtundu wa D, ya maphunziro. Dziko la Italy lilibe ofesi ya kazembe ku Malawi. Ya ku Lusaka ndiyo imayang'anira Zambia ndi Malawi. Amene akukhala ku Mozambique, Zimbabwe kapena South Africa amapita ku ofesi za m'mayiko amenewo. Kuyambira mu Januwale 2025 aliyense wofuna viza ya D amadinda zala, ndiye ulendo wa ku Lusaka ngosapeweka. Ikani pa bajeti basi yodzera ku Mchinji ndi Chipata, malo ogona, komanso mufunsiretu kuti pasipoti mudzailandira bwanji ikatuluka.

Mayunivesite ambiri amafuna kuti muyambe mwalembetsa pa tsamba la boma la Universitaly. Sukulu ya ku Milan ikavomereza pamenepo, mumasindikiza chikalatacho n'kupita nacho. Zina zofunika ndi kalata yokulandirani, zithunzi, umboni wa malo ogona, tikiti kapena umboni woti mwasungitsa malo m'ndege, inshuwalansi ya zaumoyo yofika €30,000, ndi umboni wa ndalama. Mulingo wa ndalama umasintha chaka chilichonse, ndipo mu 2025 unali cha m'ma €7,000 pachaka, kapena kupitirira pang'ono €500 pamwezi. Kalata ya sikolashipu imawerengedwa ngati umboni, bola ikhale yotchula ndalama yeniyeni ndi miyezi yake. Viza ya maphunziro imalipiridwa €50.

Lamulo limalola ofesiyo kutenga masiku mpaka 90, ndipo miyezi ya Julayi ndi Ogasiti imakhala yothithikana. Pemphani tsiku lokaonekera kalata ikangofika. Pasipoti ikabwera, werengani viza musanachoke: dzina, masiku, ndi kuti ndi yolowera kamodzi kapena kangapo. Ngati akubwezerani kalata ya sukulu atadindapo, isungeni bwino, chifukwa apolisi a ku Milan adzaifuna yomweyo. Muli pomwepo, funsani ngati angakupatseni codice fiscale, nambala ya msonkho ija. Ikapezeka musananyamuke, mwapulumutsa sabata yathunthu.

Ndalama za masabata oyamba ndi zanu

Sikolashipu kawirikawiri imayamba kulowa mutafika, mutasaina pepala loti mwafika, ndiponso mutapereka nambala ya akaunti ya IBAN. Pakhoza kudutsa masabata angapo. Mkati mwa nthawi imeneyi mukufunika lendi ya mwezi woyamba, dipoziti, ndalama ya chilolezo chokhalira, zoyendera ndi chakudya. Mukawonkhetsa, €2,000 imatha msanga, ndipo ngati dipoziti ndi ya miyezi itatu siikwana n'komwe. Poti ndalama zakunja zimavuta kupeza m'mabanki akuno, kapempheni msanga mutatenga kalata ya sukulu, viza ndi tikiti, ndipo funsani kuti khadi lanu limaloledwa kutulutsa zingati kunja pamwezi. Musadalire khadi lokha. Nyamulani ma euro ena m'manja, a mapepala ang'onoang'ono a €20 ndi €50.

Nyumba

Palibe chinthu chodula ku Milan choposa pogona. Chipinda cha nokha m'nyumba yogawana ndi ena, stanza singola, chimakhala cha pakati pa €600 ndi €800 pamwezi. Bedi m'chipinda cha anthu awiri, posto letto in doppia, ndi cha m'ma €400 mpaka €500. Ngati yunivesite yakupatsani mwayi wa hositelo, tengani tsiku lomwelo, ngakhale ili kutali, chifukwa malo ndi ochepa ndipo imakupatsaninso umboni wa pogona wofunika pa viza.

Ngati mukusaka nokha, yang'anani mzere wa metro, sitima yapansi panthaka, osati kuyandikira pakati pa mzinda. Wa ku Città Studi asake ku Lambrate kapena kulikonse pa mzere wobiriwira wa M2. Wa ku Bovisa ayang'ane Dergano ndi Affori. Wa ku yunivesite ya Bicocca akhoza kukhala ku Sesto San Giovanni, komwe ndi kunja pang'ono kwa mzinda koma M1 imafikako. Mphindi 30 za pa metro ndi zabwinobwino kumeneko.

Akuba a pa intaneti amasaka ophunzira akunja mu Julayi ndi Ogasiti. Njira yawo ndi imodzimodzi: zithunzi zokongola, mtengo wotsika kuposa nyumba zina za dera lomwelo, mwini nyumba yemwe akuti ali kunja kwa dziko, ndi kukukakamizani kuti mutumize dipoziti lero chifukwa ena akufunanso. Musatumize ndalama kwa munthu pa nyumba yomwe inu kapena munthu womudziwa sanaione. Gwiritsani ntchito masamba omwe yunivesite yanu yatchula, makamaka omwe amasunga ndalamayo mpaka mutalowa m'nyumba. Zikavuta, lipirani malo ogona a sabata imodzi kapena ziwiri, musake muli konko.

Pa kontrakiti onetsetsani izi. Ikhale yolembedwa, ndipo mwini nyumba aikalembetse ku ofesi ya misonkho ya Agenzia delle Entrate pasanathe masiku 30. Pemphani lisiti yake. Ya ophunzira imakhala ya miyezi 6 mpaka 36, ya kanthawi yotchedwa transitorio ndi ya mwezi umodzi mpaka 18. Lamulo sililola dipoziti yoposa lendi ya miyezi 3. Funsani ngati mtengo ukuphatikiza spese, zomwe ndi ndalama za nyumba yonse, zotenthetsera, magetsi, gasi ndi intaneti, poti zimenezi m'nyengo yozizira zikhoza kuwonjezera €100 kapena kuposa. Werenganinso kuti muyenera kudziwitsa miyezi ingati musanatuluke. Mwini nyumba akati tingogwirizana pakamwa n'kukuchotserani pang'ono, kanani: opanda kontrakiti mulibe chokaonetsa kupolisi, ndipo dipoziti ikakanidwa mulibe pogwira. Ngati mukusungidwa ndi munthu kwaulere, iyeyo ayenera kudziwitsa apolisi pasanathe maola 48 kudzera pa fomu ya dichiarazione di ospitalità. Tsiku lolowa, jambulani chipinda chonse, makoma, matiresi ndi mamita, mutumizire mwini nyumba pa imelo.

Masiku 8 oyamba

Ndege ya Ethiopian Airlines yodzera ku Addis Ababa imatera ku Malpensa. Kuchokera pamenepo sitima ya Malpensa Express imakufikitsani ku siteshoni ya Centrale kapena ya Cadorna mumzinda wa Milan pasanathe ola limodzi. Sungani tikiti yokwerera ndege, makamaka ngati mwalowera dziko lina la Schengen (gulu la mayiko a ku Ulaya, kuphatikizapo Italy, omwe anthu amayendamo osaonetsa pasipoti pamalire), chifukwa ndi umboni wa tsiku lomwe munafika.

Kuyambira tsiku limenelo muli ndi masiku 8 ogwira ntchito oti mupemphe permesso di soggiorno, chilolezo chokhalira m'dzikomo. Viza imangokulowetsani, chokukhazikani ndi chimenechi. Chitani motere.

Mawa lake pitani ku ofesi ya ophunzira akunja akakusainireni kuti mwafika. Ambiri amathandizanso kudzaza mafomu, ndiye funsani tsiku lake. Ngati codice fiscale mulibe, pitani ku Agenzia delle Entrate ndi pasipoti ndi fotokope yake, mudzaze fomu ya AA4/8. Ndi yaulere, ili ndi zilembo ndi manambala 16. Onani kuti dzina alilemba ndendende ngati pa pasipoti, chifukwa nambalayo imapangidwa kuchokera ku dzina ndi tsiku lobadwa. Likalakwika pano, lidzakanidwa kubanki ndi kuchipatala.

Kenako pitani ku positi ofesi yomwe ili ndi chikwangwani cha Sportello Amico mukapemphe kit ya permesso, envulopu ya mzere wachikasu. Ndi yaulere, ndipo ikatha pa ofesi ina yesani ina. Dzazani Modulo 1 ndi cholembera chakuda, zilembo zikuluzikulu, chilembo chimodzi m'kabokosi kamodzi, chifukwa amawerenga ndi makina. Gulani sitampu ya marca da bollo ya €16 mu tabaccheria, sitolo ya chikwangwani cha T wamkulu. M'envulopumo ikani mafotokope okhaokha: masamba a pasipoti a chithunzi, viza ndi zidindo, kalata ya sukulu, inshuwalansi, umboni wa ndalama ndi wa pogona. Mapepala enieni musaikemo, mudzawafuna kupolisi. Envulopu musamate, chifukwa wa pa kauntala ayenera kuona zam'katimo ndi pasipoti yanu. Pamenepo mulipira €70.46 ya chilolezo cha miyezi 3 mpaka 12 ndi €30 yotumizira. Pamodzi ndi sitampu ija zonse ndi €116.46.

Adzakupatsani lisiti ndi kalata yotchula tsiku lokaonekera ku Questura, likulu la polisi, komwe ofesi yake yoona za olowa m'dziko ili pa via Montebello, kapena ku polisi ina yomwe yalembedwa pa kalatapo. Lisiti imeneyo ndi chilolezo chanu mpaka khadi la permesso litatuluka. Ijambuleni pa foni, ipangeni fotokope, ndipo muziyenda nayo pamodzi ndi pasipoti, poti wapolisi ali ndi ufulu wokufunsani mapepala. Pa tsiku lokaonekera tengani zithunzi 4, mapepala onse enieni ndi kalata yatsopano yotsimikiza kuti mwalembetsa sukulu. Mudzadinda zala. Tsikuli musaliphonye ngakhale pali kalasi.

Khadi limachedwa, mwina mpaka semesita kutsala pang'ono kutha, ndipo zimenezo si mlandu wanu. Chofunika kusamala ndi maulendo. Viza ya D ikadali yamoyo ndipo ndi yolowera kangapo, mukhoza kukacheza ku mayiko ena a Schengen. Ikatha muli ndi lisiti yokha, musadutsire dziko lina la Schengen, ngakhale kungosintha ndege. Gulani tikiti yobwerera yochoka ku Italy kupita kunja kwa Schengen mwachindunji.

Chipatala

Njira zilipo ziwiri. Inshuwalansi ya kampani ndi yotchipa ndipo imavomerezedwa pa permesso, koma zambiri zimangolipira zadzidzidzi, kapena mumayamba mwalipira nokha n'kudzabwezeredwa. Kulembetsa ku chipatala cha boma, SSN, kumakupatsani dokotala wanu ngati nzika, koma kuyambira 2024 wophunzira amalipira €700, ndipo ndalamayi ndi ya chaka cha pa kalendala, chothera pa 31 Disembala mosaona kuti munalipira liti. Wofika mu Seputembala n'kudzachoka mu Febuluwale angalipire kawiri. Kwa iyeyo, ngati alibe matenda okhalitsa, inshuwalansi yabwino ya kampani ndi yokwanira. Wofika mu Febuluwale, kapena womwa mankhwala tsiku ndi tsiku, aganizire za SSN. Mankhwala anu nyamulani okwanira, m'mabokosi ake, ndi kalata ya dokotala yotchula dzina lenileni la mankhwalawo.

Nambala yazadzidzidzi ndi 112. Dokotala wa usiku ndi masiku a tchuthi ku Lombardia, chigawo chomwe kuli Milan, ndi 116 117. Mukatentha thupi m'masabata oyamba, uzani dokotala mosazengereza kuti mwachokera kudera la malungo ndipo akuyezeni. Sangaganizire zimenezo payekha, ndipo malungo ozindikiridwa mochedwa amapha.

Kuyenda, foni ndi zina zazing'ono

Kampani ya ATM imayendetsa metro ya mizere isanu, matramu ndi mabasi. Tikiti imodzi ndi €2.20 ya mphindi 90, koma wosafika zaka 27 amagula ya mwezi wonse pa €22, choncho khadi limeneli lipangeni sabata yoyamba. Likugwira ntchito mumzinda mokha. Wokhala kunja ngati ku Sesto San Giovanni afunse ya madera owonjezera. Tikiti ya pepala ya sitima zam'madera iyenera kudindidwa pa makina musanakwere, apo ayi ndi chindapusa. Sitiraka, yomwe amati sciopero, imachitika kawirikawiri ndipo imalengezedwa pasadakhale. Pa tsikulo ATM imayendabe kuyambira m'mawa mpaka 8:45 komanso kuyambira 15:00 mpaka 18:00. Likakhala tsiku la mayeso, nyamukani m'mamawa.

Simu khadi imafuna pasipoti ndi codice fiscale, ndipo pafupifupi €10 pamwezi imakupatsani data yokwanira. Mapulagi akuno a mano atatu a makona salowa m'masoketi a ku Italy, gulani adaputala. Nthawi ya ku Italy imafanana ndi yakuno kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala. Miyezi inayo iwo amakhala m'mbuyo ndi ola limodzi.

Chisanu cha Disembala ndi Januwale chimafika pafupi ndi 0, ndi nkhungu ndi mdima wa 5 koloko madzulo. Zotenthetsera m'nyumba zimaloledwa kuyatsidwa kuyambira pa 15 Okutobala mpaka pa 15 Epulo, ndiye masabata oyambirira a Okutobala amazizira m'nyumba. Jekete lenileni ndi nsapato zosalowa madzi mukhoza kugula pa kaunjika musananyamuke. Zinyalala amazisiyanitsa: zakudya, mapepala, pulasitiki ndi zitini, magalasi, ndi zotsala. Mukasakaniza, chindapusa chimagwera nyumba yonse, ndipo anzanu okhala nawo adzadziwa kuti ndi ndani.

Chakudya

Wophika yekha amakwanitsa ndi €200 mpaka €250 pamwezi. Masitolo a Lidl ndi Eurospin ndi otchipa, ndipo misika ya pamsewu ya sabata ndi sabata, monga wa viale Papiniano Lachiwiri ndi Loweruka, imatsitsa mitengo ya masamba ndi zipatso ikamayandikira kuweruka. Nsima imatheka. Kumpoto kwa Italy amadya polenta, choncho ufa wa chimanga uli m'sitolo iliyonse. Sakani wolembedwa kuti farina di mais bianca, ndipo wosalala kwambiri ndi fioretto. Bramata ndi wamisere ngati mgaiwa wogayidwa mothamanga. Wolembedwa istantanea kapena precotta ndi wophikidwa kale, sugwirana bwino. M'masitolo a anthu a ku Africa ndi Asia a pa via Padova mumapezeka ufa woyera, nsomba zouma, therere ndi chinangwa. Cime di rapa imakoma ngati mpiru, cavolo nero ndi bietole zimalowa m'malo mwa repu, ndipo nyemba za borlotti zili ponseponse. Mthiko ndi chipande nyamulani, n'zopepuka.

Madzi a pampopi ndi abwino kumwa, ngakhalenso a pa mipopi yobiriwira ya m'misewu. Khofi womwera choimirira pa kauntala ndi wotchipa kuposa wokhalira pa tebulo, ndipo m'malesitilanti amawonjezera coperto, ndalama yokhalira pa tebulo, pa munthu aliyense. Funsaninso ku sukulu ngati khadi lanu la sukulu limakutsitsirani mtengo ku mensa, kantini ya ophunzira.

M'kalasi ndi pa mayeso

Apa ndi pomwe wophunzira wozolowera zakuno amadzidzimuka. Maphunziro ambiri alibe ma assignment kapena timayeso ta pakati pa semesita, ndipo ena sawerenga n'komwe amene abwera m'kalasi. Magiredi onse amachokera pa mayeso amodzi omaliza. Munthu amaona ngati ali pa tchuthi mpaka Disembala, kenako n'kupeza masamba 600 akumudikira. Werengani kuyambira sabata yoyamba. Onani pa silabasi ngati pali kusiyana pakati pa frequentanti, olowa m'kalasi, ndi non frequentanti, chifukwa achiwiriwa amapatsidwa mabuku owonjezera.

Magiredi amayambira 18, pomwe ndi pokhozera, mpaka 30, ndipo wopambana kwambiri amapatsidwa 30 e lode. Mayeso amakhala mu Januwale ndi Febuluwale, mu Juni ndi Julayi, ndi mu Seputembala. Phunziro lililonse limakhala ndi masiku angapo olembera, otchedwa appelli, ndipo mumasankha nokha. Koma muyenera kulembetsa pa intaneti pa appello iliyonse, ndipo kulembetsako kumatsekedwa masiku angapo mayeso asanafike. Kulowa m'kalasi semesita yonse sikukulembetsani. Wosalembetsa salemba. Inu amene muli ndi tikiti yobwerera tengani appello yoyamba, kuti mukalephera pakhale yachiwiri musanakwere ndege, ndipo tsiku lobwerera likhale pambuyo pa yachiwiriyo.

Mayeso ambiri ndi apakamwa. Mumakhala pamaso pa mphunzitsi, anzanu akumvetsera kumbuyo, iye n'kukufunsani mafunso atatu kapena anayi kwa mphindi 15 mpaka 30, n'kukuuzani giredi pomwepo. Mukhoza kudikira tsiku lonse dzina lanu lisanaitanidwe, mwinanso kuuzidwa kuti mubwere mawa. Konzekerani poyankhula mokweza, mufotokozere mnzanu mutu uliwonse popanda kuyang'ana m'buku, ndipo kakhaleni nawo pa mayeso a ena kuti mumve mafunso, poti ndi zololedwa. Ulemu wathu woyang'ana pansi ndi kuyankha mwachidule umaoneka ngati simukudziwa. Yang'anani mphunzitsi, yankhani motambasula, mulumikize ndi mitu ina. M'maphunziro ambiri muli ndi ufulu wokana giredi yomwe simunakhutire nayo n'kudzayesanso, koma mukakana 22 mulibe chitsimikizo choti mudzapezanso 22. Wa semesita imodzi aganize kawiri.

Mphunzitsi mumamutchula kuti Professore kapena Professoressa, ndipo m'Chitaliyana mumagwiritsa ntchito Lei (inu), osati tu (iwe). Aliyense ali ndi nthawi yolandira ophunzira mu ofesi, ricevimento; pitaniko sabata zoyambirira mukadzidziwitse ndi kufunsa ngati mungalembe mayeso m'Chingerezi. Kosi ya Chitaliyana yomwe yunivesite imapereka kwa alendo itengeni, chifukwa ku positi ofesi, kupolisi ndi kwa mwini nyumba Chingerezi sichidalirika. Gulu la Erasmus Student Network limapezeka pa mayunivesite onse akuluakulu a mumzindawu ndipo limathandiza alendo kupeza anzawo. Pa 7 Disembala ndi tsiku la Sant'Ambrogio, woyera wa mzinda wa Milan, ndipo pa 8 ndi tchuthi cha dziko lonse. Maofesi amatseka masiku onse awiri.

Chilolezo cha maphunziro chimakulolani kugwira ntchito maola 20 pa sabata, osapitirira 1,040 pachaka. Koma popanda Chitaliyana komanso khadi lisanatuluke, ganyu yolembedwa mwalamulo siipezeka msanga. Musaiwerengere pa bajeti.

Pobwerera

Lemberani mwini nyumba kalata yotuluka pa nthawi yomwe kontrakiti ikunena, mudzayendere naye chipinda ndi zithunzi zija, ndipo mugwirizane molemba tsiku lobweza dipoziti. Akaunti ya kubanki musaitseke dipoziti ndi gawo lomaliza la sikolashipu zisanalowe. Pa Erasmus+ gawo lomalizalo limadikira kuti mudzaze lipoti la pa intaneti lomwe amakutumizirani pa imelo.

Musanachoke, lowani pa tsamba lanu la yunivesite muone ngati giredi iliyonse yalembedwa. Mphunzitsi akhoza kukuuzani 27 pakamwa koma osailowetsa m'kaundula, ndipo yosalowetsedwa siituluka pa Transcript of Records. Kumukumbutsa muli ku Milan ndi nkhani ya tsiku limodzi. Muli ku Zomba kapena ku Mzuzu zikhoza kutenga miyezi. Kasainitseni pepala la tsiku lochoka ku ofesi ya ophunzira akunja, chifukwa masiku amenewo ndi omwe amawerengera ndalama, ndipo wochoka msanga amabwezako ina. Mukafika kuno, perekani transcript, Learning Agreement yomaliza ndi masilabasi ku dipatimenti, pamodzi ndi pepala lofotokoza magiredi a 18 mpaka 30 lochokera ku Milan, kuti 24 wanu asamuwerenge ngati 24 pa 100.